Tifunseni za Njinga: Mpweya wa M'matayala ndi Kasungidwe ka Njinga M'nyengo Yachisanu

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa abale athu okhala ku Britain, kumene mawotchi anabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi pa Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndipo mdima tsopano ukugwa anthu asanaweruke kuntchito. Ambiri mwa iwo anaphunzira kupalasa njinga kwathu, m'misewu yafumbi ndiponso padzuwa, ndipo nzeru zimene anatengako n'zabwino ndithu, koma zina mwa izo sizithandiza pamsewu waphula wonyowa, wothiridwa mchere, umene m'mawa umapezeka utaundana. Ndasankha makalata asanu, ndipo ndawafupikitsa kuti malo atikwanire.

FUNSO: Akonzi, ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leeds, ndipo ndimapita kuntchito panjinga chifukwa usiku mabasi amasowa. Ndisananyamuke ndimapopa matayala m'nyumba mpaka alimbe gwa, koma ndikaweruka m'mawa, njinga itagona panja usiku wonse, ndimapeza onse awiri atafewa. Ndinatulutsa machubu n'kuwamiza m'beseni la madzi monga tinkachitira kwathu, koma sindinaone thovu ngakhale limodzi. Kodi machubu akuno ndi osalimba, kapena pali wina amene akundiphwetsera? Ndine bambo wa ku Leeds.

YANKHO: Bambo, mtima ukhale m'malo, pakuti machubu anu ndi abwino ndipo palibe amene akukuchitani chipongwe. Kufewa kwa matayala onse awiri mofanana ndiko kukusonyeza kuti vuto si bowo, chifukwa minga siingabaye matayala awiri usiku umodzi n'kuwaphwetsa pamlingo umodzimodzi. Chimene chikuchitika n'chakuti mpweya ukazizira umachepa mphamvu yokankha khoma la chubu, ngakhale kuti sunatuluke n'komwe. Wasayansi wa ku France, Guillaume Amontons, anazindikira zimenezi cha m'ma 1700, ndipo inunso mungaziyese ndi botolo lapulasitiki lopanda kanthu. Litsekeni zolimba m'chipinda chofunda, muliike panja usiku wachisanu, ndipo m'mawa mudzalipeza litalowa m'kati m'mbali mwake ngati munthu walifinya.

Tiyeni tiike manambala kuti nkhaniyi imveke bwino. Tayala limene mwalipopa kufika pa 60 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya umene geji ya pampu imaonetsa) m'nyumba yofunda madigiri 20, likakhala panja pamene kwazizira kufika pa 0, geji idzaonetsa pafupifupi 55 psi, ndipo kukafika madigiri 5 pansi pa 0 idzaonetsa pakati pa 53 ndi 54. Tayala lopyapyala la njinga zothamanga, lopopedwa kufika pa 90 psi, limatsika ndi pafupifupi 7 psi kukazizira kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 0. Kwa amene pampu yawo imawerenga mu bar, dziwani kuti bar imodzi ndi 14.5 psi, ndiye kuti 60 psi ndi bar 4 kuposerako pang'ono. Mukaibwezera njingayo m'nyumba n'kuisiya maola angapo, mpweya umene mumaganiza kuti watayika mudzaupeza wabwerera.

Koma ndikukayika ngati 5 psi yokhayo ndi imene mukuimva. Chubu chilichonse cha mphira, ngakhale chatsopano, chimataya mpweya pang'onopang'ono kudzera m'thupi mwake mwenimweni, motero ngati mumapopa mongoyerekeza, n'kutheka kuti mumanyamuka ndi mpweya wochepa kale, chisanu n'kungomalizitsa. Apa ndi pamene ndiyenera kunena mawu amene ena a ife sawakonda. Kwathu timayeza mpweya ndi chala chachikulu, ena amagogoda tayala n'kumvera kulira kwake, ndipo njira imeneyi inatitumikira bwino pa njinga za Humber ndi Hero zimene tinakula nazo. Matayala ambiri ogulitsidwa ku Britain ali ndi mphira wochindikala pansi pa mapazi ake wotchinga magalasi ndi minga, mphirayo amauma kukazizira, zala zanunso zimakhala zitachita dzanzi, mwakuti chala sichingasiyanitse 40 psi ndi 60 psi. Gulani pampu yaikulu yoimika pansi, yokhala ndi geji, ndipo muonetsetse kuti mutu wake ukugwirizana ndi valavu ya njinga yanu, kaya ndi yonenepa yonga ya galimoto, yotchedwa Schrader, kapena yowonda ya kamutu kopotokola, yotchedwa Presta. Pa zipangizo zonse zimene munthu wopalasa m'chisanu angagule, ine ndimaika pampu imeneyi pamalo achiwiri, pambuyo pa nyali zokha.

Mlingo woyenera walembedwa m'mbali mwa tayala lanu, wotsikitsitsa ndi wokwera kwambiri, ndipo inu muyenera kukhala pakati pa manambala awiriwo. Yezani kamodzi pa mlungu. Ngati n'kotheka, popani njinga itazizira kale, kukhonde kapena m'shedi, kuti nambala imene geji ikuonetsa ikhale yomweyo imene mudzayende nayo pamsewu. Ngati mukupopera m'nyumba yofunda, onjezerani 4 kapena 5 psi pamwamba pa mlingo umene mukufuna, koma osadumpha malire olembedwa pa tayala.

Bowo mulikayikire pamene tayala limodzi lokha ndi limene likufewa, kapena pamene latsika ndi 10 psi kapena kuposerapo usiku umodzi. Yambani ndi valavu, ndipo apa nzeru yakwathu yopaka malovu pakamwa pake ikugwirabe ntchito: malovuwo akatupa, ndiye kuti mpweya ukutulukira pamenepo. Kenako yendetsani zala mosamala m'kati mwa tayala, chifukwa kachidutswa ka galasi kakanyowa kamalowa mu mphira mosavuta n'kumaboola chubu pang'onopang'ono. Ngati njira yanu imadutsa kunja kwa mzinda, kumbukiraninso kuti alimi a kumeneko amadula mipanda yawo yaminga kuyambira Seputembala mpaka Febuluwale, ndipo zidutswa zake zimamwazika m'mphepete mwa msewu, ndendende pamene njinga imayenda.

FUNSO: Akonzi, mlungu watha ndinagwa ndi njinga pokhota pafupi ndi kwathu kuno ku Glasgow. Mnzanga wakuntchito, yemwe ndi mbadwa yakuno, akuti ndizichotsako mpweya m'nyengo ino kuti matayala azigwira msewu. Bambo akunyumba akuti zimenezo n'zowononga malimu, njinga imafunika kupopa kolimba. Ndimvere ndani? Ndine mayi wa ana awiri.

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri ndi ngoziyo, ndipo ndikhulupirira kuti mukupezako bwino. Onse awiri akunena zoona, koma aliyense akuona mbali yake, ndipo pa msewu umene munagwerapo mnzanuyo ndi amene wayandikira kwambiri. Tayala lolimba gwa limakhudza msewu ndi kachigawo kakang'ono, ndipo likakumana ndi kamwala kapena mng'alu limadumpha m'malo mokumbatira, motero pa phula lonyowa, pa masamba ovunda kapena pa mizere yopakidwa penti limatsetsereka msanga. Mukachotsako mpweya pang'ono, gawo lokhudza pansi limakula ndipo tayala limatsatira maonekedwe a msewu. Pa njinga wamba zoyendera m'tauni, za matayala a mamilimita 35 mpaka 40, kuchotsa 5 mpaka 10 psi pa mlingo wanu wa m'chilimwe n'kokwanira. Lakutsogolo likhale lofewerapo kuposa lakumbuyo, pakuti lakumbuyo ndi limene limasenza gawo lalikulu la thupi lanu ndi katundu wa pakaliyala, pamene lakutsogolo ndi limene limakhota, ndipo likatsetsereka munthu alibe mpata wodzigwira.

Nkhawa ya bambo akunyumba ili ndi maziko. Mpweya ukachepa kwambiri, tayala likagunda m'mphepete mwa dzenje chubu chimapanikizika pakati pa limu ndi msewu n'kubooka timabowo tiwiri toyandikana, tooneka ngati pamene yaluma njoka, ndipo nthawi zina limu nalonso limapindika. M'nyengo ino ngoziyi imakula chifukwa madzi akalowa m'ming'alu ya msewu n'kuundana amathyola phula, maenje n'kuchuluka, ndipo ambiri amabisala pansi pa zithaphwi. Choncho musatsike kupitirira nambala yotsikitsitsa yolembedwa pa tayala, ndiponso muwerengere zimene ndauza bambo a ku Leeds, kuti chisanu chimachotsanso gawo lake mukangotuluka panja. Munthu amene wachotsa 10 psi m'nyumba yofunda, pamsewu amakhala atachotsa pafupifupi 15.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchimve bwino, chifukwa chimakhudza moyo. Pa madzi oundana palibe mlingo wa mpweya umene ungakupulumutseni. Oopsa kwambiri ndi aja opyapyala, oonekera, amene amachititsa msewu kuoneka ngati wangonyowa chabe. Ine ndinawadziwa m'mawa wina wa mu Januwale, pa kamlatho kodutsa pamwamba pa ngalande. Msewu wonse kumbuyo kwanga unali wabwino, kamlathoko kankangonyezimira pang'ono ndi kuwala kwa nyali, ndinagwira buleki yakutsogolo mopepuka kuti ndikhote, ndipo ndinangozindikira ndili pansi, njinga ikutsetsereka patsogolo panga, chigongono chikutuluka magazi m'kati mwa jekete. Kumbuyo kukanakhala galimoto, bwenzi nkhani ili ina. Milatho imaundana msanga kuposa msewu chifukwa mphepo yozizira imadutsa pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo malo ena otero ndi amthunzi pansi pa mitengo, zivundikiro zachitsulo za m'misewu, ndi tinjira ta njinga ndi ta m'mapaki timene makhonsolo ambiri sathiramo mchere. M'mawa wachisanu ndi bwino kudzera msewu waukulu umene mabasi amadutsa, ngakhale ukhale wozungulira, ndipo mukaona kuti magalasi a magalimoto oimikidwa ayera mbee, dziwani kuti pansi paliponse pangakhale poterera. Chepetsani liwiro musanafike pokhota, gwiritsani ntchito kwambiri buleki yakumbuyo, ndipo musapendeke thupi.

Chida chokhacho chimene chimaluma madzi oundana ndi matayala okhala ndi timisomali tachitsulo cholimba, monga aja otchedwa Schwalbe Marathon Winter. Ku Oulu, mzinda wa kumpoto kwa Finland, ana amapita kusukulu panjinga pakati pa chipale chofewa, koma kumeneko chisanu chimakhazikika miyezi ingapo ndipo mzinda umakonza njira za njinga tsiku ndi tsiku. Ku Glasgow nyengo imasinthasintha, mvula ndi imene imachuluka, ndipo masiku oundana amabwera apo ndi apo. Matayala amenewa ndi odula, olemera, ndiponso amasokosera pa phula louma. Ngati ntchito yanu imakukakamizani kunyamuka m'bandakucha tsiku lililonse, ndi oyenera mtengo wake. Gulani awiri, koma ngati ndalama zikukwana limodzi lokha, liikeni kutsogolo, ndipo muyambe mwayenda nalo mofatsa makilomita pafupifupi 40 pa phula louma kuti timisomalito tikhazikike. Ngati masiku oundana mungathe kukwera basi, kwerani basi, ndipo ine ndimachita zomwezo.

Popeza ku Glasgow mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndikukumbutseninso kuti lamulo la ku Britain limafuna nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo ndi kagalasi kofiira konyezimira kumbuyo, kuyambira polowa dzuwa mpaka potuluka. Mabatire a nyali amatha msanga kukazizira, ndiye muzitchaja kawirikawiri.

FUNSO: Akonzi, tikuchita lendi m'nyumba yopanda galaja ku Manchester, ndipo eninyumba analetsa kuika njinga m'khonde la m'kati limene timadutsamo tonse. Ndimaisiya kuseri kwa nyumba nditaikuta ndi pulasitiki, koma pamilungu iwiri yokha tcheni chafiira ndi dzimbiri, ndipo tsiku lina buleki yakumbuyo inakana kugwira m'mawa, masana n'kuyambanso yokha. Kodi chisanu chimadya chitsulo? Nanga njinga ya mwana wanga, imene sadzaikwera mpaka mu Malichi, ndiisunge bwanji? Ndine mkulu wa banja ku Manchester.

YANKHO: Bambo, chisanu pachokha sichidya chitsulo. Njinga youma ingathe kukhala m'shedi yozizira kwambiri nyengo yonse n'kutuluka ili bwinobwino. Chimene chafiiritsa tcheni chanu ndi madzi ophatikizana ndi mchere. Makhonsolo amathira mchere wa m'migodi m'misewu kuti madzi asaundane msanga, ndipo wambiri umakumbidwa ku Winsford, m'chigawo cha Cheshire, kufupi ndi kwanuko. Mcherewo umasungunuka m'madzi a pamsewu, matayala amauwaza pa tcheni, pa masipoko, pa mabawuti ndi pa mabuleki, ndipo ngakhale njinga ikaoneka youma, mchere wotsalirawo umakoka chinyezi cha mumpweya n'kupitiriza ntchito yake usiku wonse. Kwathu tinazolowera kuti matope a dzinja akauma amangogumuka okha popanda kuwononga zambiri, ndipo ndi chifukwa chake ambiri a ife timachedwa kuzindikira kuti zakuda zomata pa njinga kumeneko si matope wamba.

Mankhwala ake ndi ndowa ya madzi ofunda pang'ono, kansalu ndi mphindi zisanu. Mukabwera pamsewu wothiridwa mchere, tsukuluzani kumunsi konse kwa njinga, pukutani tcheni ndi kansalu kouma mukuzunguza mapedulo cham'mbuyo, kenako dontheza oilo wa tcheni wopangidwira nyengo yamvula pa mfundo iliyonse, n'kupukutanso wotsala kunja kuti asakole mchenga. Ngati tsiku lililonse n'kovuta, kawiri pa mlungu musalephere. Musagwiritse ntchito mapaipi amphamvu otsukira magalimoto, chifukwa amakankhira madzi m'maberingi n'kutulutsa girisi. WD-40, ija yopopera ya m'chitini, imene anthu ambiri amaikhulupirira, imathandiza kuthamangitsa madzi mukangotsuka, koma ndi yopepuka ndipo siikhalitsa, choncho pambuyo pake oilo weniweni ayenera kutsatira. Chilichonse chamafuta chisakhudze malimu, madiski kapena timphira ta mabuleki. Pukutaninso malimu kawirikawiri, popeza mchenga womata pa timphira umapala limu ngati tupa. Ngati njinga yanu ilibe madigadi, ikani aatali, pakuti amateteza tcheni ndi maberingi kuposa mmene amatetezera buluku lanu.

Za buleki imene inakana m'mawa, chifukwa chake n'chakuti madzi analowa m'kachubu kamene waya wa buleki amadutsamo, usiku n'kuundana, masana n'kusungunuka. Limeneli si vuto loti mulilekerere, chifukwa tsiku lina lidzakupezani pamtsetse. Ilowetseni njinga pamalo ofunda kuti iume, musolole wayayo, muupukute n'kuupaka oilo wopepuka, ndipo ngati wayamba dzimbiri kapena kuthethuka, sinthani waya pamodzi ndi kachubu kake. Khalani ndi chizolowezi chogwira mabuleki onse awiri musanatuluke pageti. Loko nayonso imaundana mwanjira yomweyo, ndiye muidonthezere oilo pobowola kiyi ndipo pokhoma bowolo liziyang'ana pansi.

Pulasitiki imene mwakutira nayo ndi imene ikuwonjezera vuto. Mukakuta njinga yonyowa mpaka pansi, chinyezi chochokera m'nthaka ndi pa njingayo chimasowa potulukira, chimasanduka mame pansi pa pulasitikiyo n'kudontheranso pa chitsulo, mofanana ndi chimanga chimene chaikidwa m'thumba chisanaume. Chimene njinga imafuna ndi denga pamwamba ndi mphepo m'mbali. Funani chikuto chopangidwira njinga chokhala ndi mipata yopumira, kapena mangani pulasitiki yomweyo ngati kachisakasa, kumunsi kukhale kotseguka, ndipo matayala muwaimike pa thabwa kapena pa njerwa m'malo mwa dothi kapena udzu. Chishalo ndi mahandulo zikhale pouma, chifukwa madzi amalowa mu felemu kudzera pa mtengo wa chishalo. Kamodzi pa nyengo zulani mtengowo, mutembenuze njinga chadodolido kuti madzi atuluke, n'kuupaka girisi musanaubwezere, kupatula ngati felemu kapena mtengowo ndi wa kaboni.

Ena adzakuuzani kuti muziilowetsa m'chipinda pafupi ndi chotenthetsera nyumba. Kulowetsa m'nyumba n'kwabwino ngati njingayo ikhalamo nthawi yokwanira kuti iumiretu. Chitsulo chozizira chikalowa m'chipinda chofunda chimachita thukuta, kunja ndi m'kati mwa mapaipi momwe, monga botolo lotuluka m'firiji, ndiye mukailowetsa kwa ola limodzi n'kuitulutsanso kozizira mwangoithira madzi oti akaundane. Eninyumba anu musawaone ngati ankhanza, pakuti khonde la m'kati ndi njira yothawira moto, ndipo njinga mumdima wa utsi ingagwetse anthu. Funsani kukhonsolo yanu ngati m'dera lanu muli timashedi tachitsulo tokhoma toimikidwa m'mphepete mwa msewu, totchedwa Bikehangar, timene kamodzi kamasunga njinga 6. Timapezeka kwambiri ku London, ku Edinburgh ndi ku Glasgow, ndipo malo amalipiridwa, nthawi zambiri munthu atayamba wadikira pamndandanda. Kuseri kwa nyumba nako muzikhoma njinga ku chinthu chosasunthika, ndi loko yovomerezedwa ndi bungwe loyesa maloko la Sold Secure, popeza usiku wautali ndi mwayi kwa akuba.

Njinga ya mwanayo muitsuke, iume bwino, mupake oilo pa tcheni, kenako mupope matayala kufika pakati pa mlingo wake. Musaisiye itaphwa, chifukwa tayala lopanda mpweya likakhala miyezi litapanikizika pamalo amodzi limang'aluka m'mbali ndipo chubu chimapindika. Onjezerani mpweya kamodzi pa mwezi n'kuzunguzako magudumu, kapena muipachike pa mbedza kuti matayala asasenze kanthu. Mphira amawonongeka ndi dzuwa, kutentha, mafuta agalimoto ndiponso mpweya wotuluka m'mamota amagetsi, motero isayandikire zenera lowala kapena makina otenthetsera madzi. Nyali muzichotse n'kutulutsamo mabatire.

FUNSO: Akonzi, ndimaperekera zakudya m'makomo ndi njinga yamagetsi ku London. Chiyambire kuzizira, batire likutha ndisanamalize ntchito, pamene m'chilimwe linkandifikitsa madzulo. Kodi lafa? Ndikafika kunyumba ndimalilumikiza ku magetsi nthawi yomweyo n'kukagona. Ndine mnyamata wa ku London.

YANKHO: Achimwene, n'kutheka kwambiri kuti batire lanu silinafe. Mabatire a lithiamu amatulutsa mphamvu movutikira akazizira, ndipo mtunda umene amayenda umafupika, koma kukafunda amabwerera mwakale. Kuwonjezera apo, mphepo, misewu yonyowa ndi matayala ofewa zimadya mphamvu zambiri, choncho yambani mwayeza mpweya, ndipo popeza njinga yanu ndi yolemera ndiponso mumabereka chikwama, musachotse wambiri monga ndalangizira mayi a ku Glasgow. Batire lizigona m'nyumba ngakhale njinga itagona panja, muliike pa njinga nthawi yonyamuka, ndipo mukamadikira maoda kwa nthawi yaitali mulowe nalo pamalo ofunda.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi chiganizo chanu chomaliza, ndipo muli zolakwika ziwiri. Choyamba, batire la lithiamu silitchajidwa likazizira kufika pa 0 kapena kutsikirapo, chifukwa kutero kumaliwononga m'kati mosabwezeka ndipo kungalichititse kukhala loopsa. Mukafika kunyumba lipukuteni, mulisiye ola limodzi kapena awiri kuti lifanane ndi kutentha kwa m'chipinda, kenako mulilumikize. Musaliike pa chotenthetsera kuti lifunde msanga. Chachiwiri, musatchaje muli mtulo. Ozimitsa moto a London Fire Brigade ananena kuti mu 2023 ankaitanidwa ku moto wa njinga ndi timasikuta tamagetsi pafupifupi kamodzi pa masiku awiri alionse, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Moto wa batire umabuka mwadzidzidzi ndi utsi wapoizoni, ndipo munthu wogona sapeza nthawi yothawa. Tchajani muli maso, pamalo olimba osayaka, kutali ndi khomo lotulukira, ndi tchaja yeniyeni ya batirelo osati yongogula chifukwa pulagi ikulowa. Batire limene latupa, lang'aluka pogwa, likununkha kapena likutentha mosazolowereka mulitulutse panja ndipo musaligwiritsenso ntchito. Ngati mudzapita kumudzi kwa mwezi kapena iwiri, lisiyeni lili ndi mphamvu pafupifupi theka, pamalo ouma a madigiri 10 mpaka 20, osati lodzaza kapena lotheratu.

FUNSO: Akonzi, ine ndine wakabaza ku Dedza. Mu Juni ndi Julaye kuno kumazizira mpaka zala kuuma, ndipo m'mawa tayala limakhala lofewa. Kodi nanenso ndizichepetsa mpweya m'nyengo yozizira monga amachitira kunja?

YANKHO: Ayi, achimwene, inu musachepetse. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo kuzizira kwake n'kwenikweni, koma misewu yanu m'miyezi imeneyo imakhala youma, yopanda madzi oundana ndiponso yopanda mchere, ndipo inu mumanyamula munthu wamkulu kapena thumba la mbatata pakaliyala. Tayala lakumbuyo likafewa, chubu chidzalumidwa ndi limu pa mwala woyamba, masipoko nawonso adzayamba kuthothoka. Yankho lomweli lipite kwa abale a ku Johannesburg, kumene chisanu cha Juni ndi Julaye n'chouma, ndipo ngakhale chipale chofewa chimene chinagwa kumeneko pa 10 Julaye 2023 sichinakhalitse.

Lamulo la mpweya lija kwa inu limaonekera kwambiri chakumasana. Mukapopa zolimba m'mawa kukuzizira, kenako njinga n'kuima padzuwa pa phula lotentha, makamaka mu Okutobala, mpweya umakwera ndi 5 psi kapena kuposerapo. Tayala labwino limapirira zimenezo, koma lakutha, losokedwa m'mbali kapena loikidwa chigamba m'kati ndi limene limaphulika pasiteji, ndipo ndi chifukwa chake akuluakulu amati njinga iziimikidwa pamthunzi. M'mawa wozizira onjezerani mpweya pang'ono chabe, podziwa kuti dzuwa lidzawonjezera wina.

Ngati tayala likumafewa kwambiri usiku uliwonse, yang'anani valavu. Njinga zambiri zakwathu zili ndi valavu ya mtundu wa Dunlop, ija yokhala ndi kamphira kovala pa kachitsulo m'kati, ndipo kamphirako kakakalamba kamauma n'kung'aluka, kukazizira n'kuleka kutseka bwino. Masulani kanati, musolole kachitsuloko, mukaone kamphirako powala. Ngati kachita mizere kapena kamamatira ku zala, okonza njinga pamsika ali nato tatsopano pamtengo wochepa, ndipo posintha munyowetse kachitsuloko ndi malovu kuti kamphira kalowe osang'ambika.